Tikapu Tiwiri ta a Mwakatobe

Ine ndimasoka nsapato ku Mwanjelwa, pakhonde la sitolo ya zitsulo. Pambali panga pali mabenchi ndi mbaula. Pamenepo ndi pomwe a Ambokile Mwakatobe akhala akugulitsa khofi kuyambira kale, tonse tisanamere imvi. Wosoka nsapato sayankhula zambiri, pakamwa pamakhala timisomali. Koma amaona.

A Mwakatobe kwawo ndi ku Tukuyu, m'minda ya nthochi. Anabwera kuno ku Mbeya ali mnyamata, kudzasenza katundu kusiteshoni ya sitima. Thumba la simenti linawagwera pabondo lakumanzere, ndipo kuchokera tsiku limenelo amayenda mokoka mwendo. Ntchito inathera pomwepo. Mkulu wina wochokera ku Tanga, yemwe ankagulitsa khofi pachipata cha siteshoni, ndiye anawatola nawaphunzitsa kukazinga, kusinja, kuwiritsa mu ketulo yamkuwa yosongoka kumutu, ndi kuthira m'tikapu topanda chogwirira. Lamulo lake lalikulu linali limodzi. Kakapu kakachoka pakamwa pa munthu, kaviike m'madzi otentha, katsukuluze, kazondotse pathireyi kuti madzi adonthe. Kakapu kosiyidwa koyang'ana kumwamba ndi mbale ya ntchentche. A Mwakatobe akaiwala, mkuluyo ankawagogoda zala ndi supuni. Iye anamwalira kalekale, koma zala zija sizinaiwale. Mutha kuwafotokozera nkhani ya maliro, maso awo ali pa inu, dzanja lili pantchito yake: kuviika, kutsukuluza, kuzondotsa.

Akazi awo, a Tusekile, omwe tonse timawatchula mayi a Atupele, amaphika kashata, maswiti a mtedza omwera khofi. Mwana wawo Atupele anakwatiwa ku Tunduma. A Mwakatobe anamanga nyumba ku Ilomba, ya zipinda ziwiri, yamalata, ndipo njerwa zake anaumba okha ndi mwendo wolumalawo. Ketulo, mkazi, nyumba. Zina analibe, ndipo sindinawamvepo akuzifuna.

Mpira sanaumenyepo, komanso sankaukonda. Koma benchi la khofi ndi benchi la mpira. Anthu amabwera kudzamwa kakapu kamodzi n'kukhala mpaka dzuwa kutentha, akusankha osewera ndi kuchotsa ntchito makochi. A Mwakatobe ankangothira khofi.

Pathireyi pawo panali tikapu tiwiri tosiyana ndi tinzake. Kena kanali ndi mzere wabuluu pamlomo, kena kanali kobenthuka. Ankatisungira pambali, nkumamweramo okha. Tsiku lina m'mawa, timu ya dziko ili ndi masewero madzulo ake, anthu anawavutitsa, akuwatchula kuti Mzee, monga timatchulira akuluakulu kuno.

"Mzee, inu nokha mwangokhala duu. Tanenani, tiwina kapena tilira?"

Pofuna kuti awasiye, anatenga tikapu tija. "Kabuluuka ndi ife. Kobenthukaka ndi iwo." Anazondotsa kobenthuka, nabwerera ku ketulo yawo.

Tinawina. Mawa lake anthu anaseka, nati achitenso. Unasanduka mwambo: m'mawa wa tsiku la masewero a dziko, a Mwakatobe azondotse kakapu ka timu yogonja. Ngati aona kuti matimu afanana mphamvu, asiye tonse tili chiimire. Anthu ankachokera ku Soweto ndi ku Uyole, madera ena a mzinda uno, kudzaona. A Mwakatobe anagula benchi lachitatu. Sindibisa, zinkawakomera. Ndinkawaona akuchedwetsa dala dzanja pamwamba pa thireyi, anthu atagwira mpweya.

Ndinawafunsapo kuti amadziwa bwanji.

"Sindidziwa, Nsajigwa," anatero. "Ndimangomvetsera. Anthu apabenchiwa akamakuwa kwambiri ndiye kuti ali ndi mantha. Akakhala ndi mantha ndiye kuti pali chomwe achiona."

Kale ankaphonya, anthu n'kuseka, n'kuiwala. Koma mu ulendo uno wolimbirana malo ku mpikisano waukulu wa Africa, sanaphonye ngakhale kamodzi. Ndiye kuseka kunayamba kuchepa. Anthu ena anasiya kukhala pabenchi loyandikira mbaula.

Masewero oyandikira komalizira tinakachitira kunja, pabwalo la timu yomwe tinkalimbana nayo. M'mawa mwake a Mwakatobe anazondotsa kabuluu. Tinagonja ndi chigoli chimodzi, ndipo chigoli chake chinali chochititsa manyazi. Mpira woyenda ngati wotopa unadutsa pakati pa miyendo ya goloboyi wathu, iye akuuyang'ana.

Kutacha kunabwera Gwakisa ndi anzake. Gwakisa ndi tcheyamani wa anyamata a bodaboda, onyamula anthu panjinga zamoto pa siteji ya pamsika. Ndi bambo wa ana atatu, wamtima wabwino masiku ambiri. Ananyamulapo mkazi wanga kupita naye kuchipatala osafuna kanthu. Koma mpira umamulowa m'mutu ngati kachasu.

"Madala, ndili ndi funso," anatero, chipewa chanjinga chili m'manja. "Goloboyi uja amagwira mipira yamoto, tonse timamudziwa. Wa dzulo uja ngakhale agogo anga akanautchinga ndi chitenje. Ndani anamumanga manja?"

"Mwana wanga, ine ndimagulitsa khofi."

"Ayi, ndikufunsa bwinobwino. Inu mumaona zimene zichitike, kapena zimachitika chifukwa inu mwazondotsa?"

Mmodzi wa anyamatawo, sindinaone kuti ndani, anamenya mbaula ndi phazi. Ketulo inagwa, khofi wowira n'kuwathira pamsongolo wa mwendo wakumanja, wabwinobwino uja. Sanakuwe. Anangokhala pansi nayamba kutola tikapu.

Sabata imeneyo miyala inagwa padenga lawo. Mayi wina yemwe ankagula kashata kwa mayi a Atupele anabweza mbale yonse, ati ana ake sakonda mtedza. Mawu oti mfiti palibe anawanena pamaso pawo. Ankamveka kumbuyo, akadutsa.

Ndikuwamanga nsanza pabala paja, anandiuza za amalume awo. Ali mwana ku Tukuyu, mvula inachedwa chaka china. Amalumewo anali munthu wokonda kuyang'ana kumwamba n'kunena kuti lero sigwa. Ankalondola. Anthu anatopa ndi kulondola kwawoko, nati ndi iwo akuimanga.

"Ndinaona denga la nyumba yawo likupsa mpaka kugwera m'kati," anatero a Mwakatobe. "Anthu oyatsawo ndinkawadziwa onse. Wina anali wotiphunzitsa nyimbo kutchalitchi."



Tsopano kunatsala masewero amodzi, otsiriza, pabwalo lathu ku Dar es Salaam. Nkhani yake inali yosavuta ngakhale kwa ine. Tikawina, tadutsa. Tikafanana mphamvu, tatsala. Tikagonja, tatsala. Alendowo ankangofunika kuti asagonje.

Benchi linadzaza kuposa kale. A Mwasumbi, mphunzitsi wopuma pantchito, ndiwo amatiwerengera nyuzi m'mawa uliwonse, magalasi ali pamphuno.

"Akuti wotchinga kumbuyo wamtali uja sasewera, ali ndi makadi awiri achikasu. Akuti womwetsa zigoli wathu wafika kuchokera kunja, koma ntchafu ikumuvuta."

"Ntchafu yake ndi yotani yomwe imangopweteka akabwera kwathu?" anatero Gwakisa. "Kunja kuja amathamanga ngati wabera munthu foni."

"Kochi akuti goloboyi akhala yemwe uja."

"Wa miyendo ya chipata uja? Aphunzitsi, werenganinso, mwina magalasi achita nthunzi."

"Akutinso aitana kamnyamata kena ka timu ya kumudzi, sikanasewerepo timu ya dziko." A Mwasumbi anapukusa mutu. "Masewero ngati awa si a ana. Alendowa adzabwera kudzatseka pakhomo, anthu khumi kumbuyo, n'kumadzigwetsa kuti nthawi ithe. Tikapanda kugoletsa chigawo choyamba, ine ndikuona zovuta."

"Inu mumaona zovuta ngakhale paukwati, aphunzitsi. Zigoli zitatu kwa duu! Lembani pachipumi panga!"

Ankakuwa kwambiri sabata imeneyo. Ndinayang'ana a Mwakatobe. Nawonso anali atamva.

Pochoka, Gwakisa anawerama pafupi ndi khutu lawo, koma mawu ake anafika mpaka kwa ine.

"Lamulungu m'mawa tikufuna tione kobenthuka kali mutu pansi. Dziko lonse likudikira, madala. Musatichite zija."

Anthu atabalalika, a Mwakatobe anadzakhala pampando wa makasitomala anga. A Mwasumbi anali akadali pomwepo, akupinda nyuzi.

"Tandithandizani kuganiza," anatero a Mwakatobe. "Ndikazondotsa kobenthuka, ife n'kugonja, adzati ndinawanamiza pagulu, kenako n'kukazondotsa kabuluu kunyumba. Ndikazondotsa kabuluu, ndiye mukudziwa kale. Ndikasiya tonse tili chiimire, ndiye kuti ndati tifanana mphamvu, kumenenso ndi kutsala."

"Musabwere," ndinatero.

"Adzati wathawa chifukwa wachita kale zake. Mayi a Atupele akuti tipite ku Tunduma. Tikapita, nyumba tidzaipeza? Akutinso ndingotiswa tikaputi. Ndiswe kabuluu? Ndiye kuti ndaswa timu."

A Mwasumbi anavula magalasi. "Vuto ndi loti tikaputi mwatipatula, ndiye anthu akutiopa. Tibwezereni pakati pa tinzake. Lamulungu muwauze kuti mwasiya zolosera, ndipo muwamwetse khofi m'menemo, aone ndi maso awo kuti ndi dothi lowotcha chabe."

Anali malangizo abwino. Inenso ndinavomera ndi mutu.

Lamulungu kunacha ndi nkhungu. Pomwe ndinkafika ndi bokosi langa, njinga zamoto zinali zitandandalika mpaka kumsewu, zambiri zitamangidwa mbendera. Anthu anali atadzaza mabenchi, ena ataima kumbuyo, ena atakwera pakhonde la sitolo. A Mwakatobe anafika mochedwa, atavala jekete lawo lakutchalitchi. Anakoleza mbaula. Machesi anawathyokera m'manja kangapo.

Khofi atawira anaimirira.

"Ana anga, ndakalamba. Zamasewera zija ndasiya. Ine mpira sindiudziwa, simunandionepo ndikuumenya. Tikaputi ndi tomwera khofi, ngati tinzake tonse. Taonani."

Anathira khofi m'kabuluu, anathiranso m'kobenthuka, natiika pathireyi pakati pa tina.

Panali phokoso long'ung'udza. Kenako Gwakisa anaseka.

"Madala achita mantha, eti? Chabwino. Patseni kathuko, ndimwere momwemo mphamvu ilowe m'magazi."

Anatenga kabuluu. Anthu anaseka naye, ndipo ndinaona mapewa a a Mwakatobe akutsika pang'ono. Kobenthuka palibe anakafuna. Kanatsala pathireyi, kodzaza, kakufuka nthunzi.

Mkangano unayambiranso. Wina anati kochi aike osewera kutsogolo atatu, wina anati awiri. Wina anati woyimbira mpirawo ndi wochokera dziko lomwe limatida. Manja ankatambasuka mbali zonse. "Mzee, awiri kuno!" "Mzee, kashata!" Khamu lotere sanaligulitsepo chiyambire. Tikapu tinkapita, tinkabwera. Gwakisa anagugudiza khofi wake ali m'kati molongosola m'mene penate imamenyedwera, natambasula dzanja osayang'ana. A Mwakatobe analandira, nawonso osayang'ana, maso ali pa munthu wofuna kashata.

Ndinaona. Ndinali ndi timisomali pakamwa. Pomwe ndinkatilavula, dzanja linali litaviika kale, litatsukuluza.

Kakapu kakagunda thireyi kamalira pang'ono chabe. Tsiku limenelo tonse tinakamva.

Kabuluu kanali mutu pansi. Pambali pake kobenthuka kali chiimire, kodzaza.

A Mwakatobe anayang'ana nkhope za anthu kaye, kenako thireyi. Milomo yawo inatuwa. Anatambasula dzanja kuti akatembenuze, koma Gwakisa anawagwira pamkono.

"Musakakhudze. Taona."

"Mwana wanga, ndi dzanja. Ndimatsuka chabe. Ndi m'mene ndimatsukira masiku onse, funsa aliyense."

"Tikapu tonse tili apa, mwasankha kathu? Pamaso pathu, masanasana?"

"Gwakisa, tamvera," anayamba a Mwasumbi. "Iweyo ndi amene wawapatsa..."

"Aphunzitsi, izi sizili m'nyuzi, khalani pansi." Sanakuwe, ndipo ndi chimene chinandiopsa. Anasiya mkono uja pang'onopang'ono. "Kapempherereni, madala. Mpira ukatha tikupezani. Ku Ilomba tikudziwako."

Njinga zinalira zonse pamodzi, n'kupita. Panatsala ife atatu ndi tikapu tosatsuka.

Ndinatseka bokosi langa, n'kuwanyamulira mbaula. A Mwasumbi anati akukauza wapampando wa dera, koma anakapeza atapita kale kukaonera mpira. Ife tinayenda wapansi, chifukwa panalibe bodaboda yomwe ikanatinyamula. Ndi miyendo iwiri yopweteka, ulendo wa ku Ilomba unatalika. Nkhani inali itatitsogolera. Azimayi ankaitana ana awo kuti alowe m'nyumba.

Mayi a Atupele tinawapeza akutunga madzi. Anali atadzaza ndowa zonse, mabeseni, ngakhale mapoto, n'kuzindandalika m'mbali mwa khoma m'kati mwa nyumba.

"Ndamva," anatero. "Bambo a Atupele, zaka zonsezi ndimakuuzani kuti dzanja lanulo lilibe maso."

"Ukadapita ku Tunduma."

"Ndisiyire ndani nyumba? Matiresi ndinafuna kukasungitsa kwa anebawa, akana. Akuti alibe malo. Lowani, a Nsajigwa. Kapena mubwerere kudakali kowala, palibe angakunyozeni."

Ndinalowa. Anatseka chitseko ndi mpiringidzo, natsamiritsa tebulo.

A Mwakatobe anati sakufuna wailesi. Patapita kanthawi anaitsegula okha, motsitsa. Tinakhala pamphasa, msana kukhoma, kutali ndi zenera. Tikapu tiwiri tija anali atatitulutsa m'thumba la jekete n'kutiika pawindo, tonse chiimire. Ankatiyang'anayang'ana.

Wailesi imafulumira kuposa kanema. Choncho chilichonse tinkayamba kuchimva ife, kenako patapita kamphindi n'kumva mzinda ukuyankha, kuchokera m'zisakasa zoonetsera mpira. Kamphindi kameneko sindidzakaiwala.

Alendo anachita monga ananenera a Mwasumbi. Anatseka kumbuyo, n'kumadzigwetsa. Ife tinamenya chitsulo cha golo kamodzi. Kenako, chigawo choyamba chili pafupi kutha, iwo anapeza kona. Wolengeza anangoti, "Ayi, ayi, ayi," n'kukhala chete. Tinadikira. Mzinda unabuula ngati ng'ombe yogwidwa pakhosi.

A Mwakatobe anali atagwira dzanja lawo lamanja ndi lamanzere, akuliyang'ana.

"Nsajigwa."

"Ee."

"Nanga ngati n'zoona?"

"Zoona ziti?"

"Amalume aja ankalumbira kuti sadziwa kanthu. Mwina sankadziwadi. Mwina munthu umakhala nazo osadziwa."

"Tasiyani zimenezo," anatero mayi a Atupele. "Ndagona nanu nyumba imodzi kuyambira ndili mtsikana. Mfiti yanji yoopa mphemvu?"



Nthawi yopumira, mwala unagwa padenga. Unagubuduzika m'malata mpaka kugwera kuseri. Tinamva mapazi akuthawa. Kenako njinga yamoto inadutsa pang'onopang'ono, n'kuima pafupi ndi mpanda, injini ikulira. Sinazimitsidwe. Mayi a Atupele ananyamuka mwakachetechete n'kusendeza ndowa imodzi pafupi ndi chitseko. Ine ndinali ndi kampeni kanga kodulira zikopa m'thumba. Ndinakagwira, ndikudziwa kuti sikangathandize kanthu. Chigawo chachiwiri chitayamba, njinga ija inachoka.

Womwetsa zigoli wa ntchafu uja anabweza chigoli ndi mutu. Mzinda unaphulika. M'nyumba mwathu palibe anasangalala. Kufanana mphamvu kunali kutsala, ndipo kutsala kunali moto womwewo.

"Nthawi yatsala bwanji?" ankafunsa a Mwakatobe. Ndikawayankha, ankafunsanso. Munthu yemwe sanakondepo mpira anali atagwada, chipumi chili pawailesi. "Menya, mwana wanga. Menya, ndakupempha. Ndikhale wabodza ine. Mulungu, ndikhale wabodza."

Goloboyi wa miyendo ya chipata uja anatchinga mpira womwe wolengeza anali atauwerengera kale kuti ndi chigoli. Kochi analowetsa kamnyamata ka timu ya kumudzi kaja. Nthawi inatha, woyimbira n'kuwonjezera pang'ono. Dzuwa linali litafiira pazenera. Mayi a Atupele anali atayamba kuvala majuzi awiri, lina pamwamba pa linzake, monga achitira munthu wodziwa kuti agona panja.

Sindinamve bwino m'mene chinalowera. Wolengeza anangokuwa dzina la kamnyamata kaja, mobwerezabwereza, mpaka mawu kumuthera. Tinayang'anana. Tinadikira mzinda. Utayankha, malata a nyumba ananjenjemera.

A Mwakatobe anagona chafufumimba pamphasa nalira ngati mwana. "Ndaphonya," ankatero. "Mayi a Atupele, ndaphonya. Ndine munthu wamba."

Kenako tinamva njinga.

Zinali zambiri, zikuliza mahutala, zikubwera kuchokera kumsewu waukulu. Ndinadziuza kuti tawina, palibe choopa. Koma phokoso la khamu lokondwa ndi la khamu lokwiya ndi limodzi ukakhala m'kati mwa nyumba. Zinazungulira mpanda. Nyali zake zinalowa m'ming'alu ya chitseko. Wina anamenya chitseko ndi chibakera.

"Mzee! Tulukani!"

A Mwakatobe anapukuta nkhope, navala bwino jekete. Anachotsa okha tebulo lija.

Gwakisa anali pakhomo, malaya atavula, mbendera ili m'khosi. Anagwada m'fumbi.

"Madala, ndikhululukireni. Ine ndi chitsiru. Ine ndi galu. Mwendo uja ndikulipirirani kuchipatala." Anatembenukira anzake. "Ndinakuuzani kuti awa ndi akatundu! Anadziwa kuti pagulu paja panali akazitape a alendo. Anazondotsa kathu dala! Akazitape anaimba foni, asing'anga a alendo n'kuti ntchito yatha kale, n'kukagona. Anzathu ali m'tulo, madala ali m'nyumba akugwira ntchito!"

"Ayi, mwana wanga," anatero a Mwakatobe. "Ndaphonya. Simukuona? Ndinazondotsa kathu, koma tawina. Ndilibe kanthu ine."

Mnyamata wina anali atasuzumira pawindo. "Taonani! Akatembenuzanso! Kali chiimire!"

"Dzanja linangochita lokha..."

"Mwamva?" anakuwa Gwakisa. "Dzanja limachita lokha!"

Anawanyamula pamapewa. Anazungulira nawo Ilomba yense akuimba, mahutala akulira, azimayi omwe anabisa ana masana aja akululutira m'makomo. Ine ndinkatsatira pambuyo. Nsanza ya pabala inali itamasuka, ikulendewera. Nkhope yawo ndinaiona pomwe nyali ya njinga inawaunika. Inali nkhope yomwe ija ya m'mawa, pomwe ankayang'ana thireyi.

"Ku mpikisano waukulu tipita nanu, madala!" ankatero Gwakisa. "Masewero aliwonse! Chikho chikubwera kuno!"

Anakhala kunyumba mpaka bala litauma. Anthu ankabweretsa nthochi, shuga, nkhuku. Aneba aja anabwera kudzafunsa ngati matiresi akufunikabe kusungidwa.

Atabwerera ku Mwanjelwa anabwera ndi ketulo, mbaula ndi kashata. Thireyi panalibe, beseni lotsukira panalibe.

"Wofuna khofi azibwera ndi kapu yake," anatero. "Akamwa azikatsuka yekha kwawo."

Anthu anadandaula. Khofi wa m'kapu yapulasitiki sakoma chimodzimodzi, ndipo munthu wopita kuntchito sayenda ndi kapu m'thumba. Odutsa ambiri anasamukira kwa wogulitsa wina kuseri kwa msika. Benchi lachitatu anandipatsa ine, ndimaikapo nsapato zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. A Mwasumbi amabwera ndi kapu ya chitsulo yomangirira chingwe palamba. Gwakisa ndi anzake amabwera tsiku lililonse, aliyense ndi yake, ndipo sadandaula. Amati madala akubisa zida kuti adani asazione.

Tikapu tiwiri tija tili pansi pa sutikesi ya mayi a Atupele. Anatikulunga m'nsalu tonse chiimire, n'kutsendera nsanza m'mbali kuti kena kasagwe. Mayiwo anandiuza kuti amuna awo amatsegula sutikesiyo m'mawa uliwonse asananyamuke, n'kuitsekanso.

Mpikisano waukulu ukuyandikira. A Mwasumbi ayamba kale kutiwerengera za matimu omwe tili nawo m'gulu limodzi, ndipo onse ndi oopsa. Anyamata akukuwa kwambiri. Akamakangana, maso awo sakhala pa nyuzi. Amakhala pa manja a a Mwakatobe.

Inenso ndimayang'ana pomwepo. Akathira khofi n'kuika ketulo pambaula, dzanja lamanja limanyamuka lokha, zala zitapindika, likufuna choti lizondotse. Lamanzere limaligwira msanga n'kulilowetsa m'thumba la jekete.